Duwa Losamwa Madzi

Atandisamutsa ku Dedza kuti ndikaphunzitse ku Mangochi, katundu wanga yense anam'panikiza kumbuyo kwa minibasi, koma mphika umodzi ndinaufungata pamiyendo ulendo wonse. Munali duwa la achemwali anga, amene tinawaika m'manda chaka chomwecho. Zovala zawo abale anagawana, mbale anagawana, ngakhale nsapato zakutha zomwe. Duwalo panalibe woliyang'ana, ndiye ndinalitenga ine.

Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Achemwali ankangoti kabichi wa pakhonde. Masamba ake ndi onenepa, otuwa ngati awazidwa ufa, ndipo amasanjikizana mozungulira kuchokera pakati. Kasamalidwe kake anandiphunzitsa okha ali moyo: mchenga wambiri, timakala tophwanya, mphika woboola kunsi, ndipo madzi pokhapokha dothi litauma gwa. "Ukalikonda kwambiri ulipha," ankatero. "Ndipo usadzathire madzi pamtima pake, limaola."

Ndinapeza nyumba ya lendi kuseri kwa msika, mumpanda umodzi ndi mwini wake. Anali mayi wamtali, Msilamu, wa geni ya usipa wouma, ndipo maso awo sankaphonya kanthu. Tsiku loyamba anandilandira bwino ndithu, koma maso awo sanali pa ine. Anali pa mphika.

"Aphunzitsi, chimenechi n'chodya?"

"Ayi mayi, ndi duwa chabe."

"Nanga maluwa ake ali kuti?"

"Limachita mwa apo ndi apo."

"Ooo," anatero. Anali "ooo" wautali uja, wa munthu amene wamva koma sanakhulupirire.

Mphikawo ndinauika pakhonde, mbali yofika dzuwa la m'mawa lokha, chifukwa la masana ku Mangochi silichita nthabwala. Duwa linazolowera msanga kuposa ine mwini wake. Ine ndinkangotuluka thukuta n'kumasowa tulo, ilo lili phee, nsonga za masamba zikufiirira mokongola. Ndinkati ndikabwera kusukulu n'kuliona, mtima unkakhala pansi ngati achemwali angopita kumsika.

Tsiku lina ndinapisa chala m'dothi monga mwa chizolowezi, ndipo chinatuluka chonyowa. Mvula inali isanagwe, ngakhale kamtambo kumwamba kunalibe. Ndinaganiza kuti mwina ndinathirira n'kuiwala. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake dothi linali chinyontho chokhachokha, timadontho tili mbuu pakati pa masamba. Apa ndinadziwa kuti pali dzanja la munthu.

Ndinayamba ndi ana a m'mpandamo. Ndinanunkhiza dothi, koma silinali fungo limene ndinkayembekezera. Ndinakweza mphikawo pazenera, pamene mwana sangafikire. Unanyowabe. Ndiye kuti ndi munthu wamkulu, wamtalinso. Ndinawaza phulusa pansi pa zenera ngati mlenje, ndipo madzulo ndinapezapo mapazi a patapata. Sizinandithandize, poti m'mpanda monsemo aliyense ankavala patapata. Ndinaulowetsa m'nyumba, koma munali mdima ndi kutentha kwa malata, duwa linayamba kuyezuka n'kutalika khosi kufunafuna kuwala. Ndinautulutsanso panja, ndikudziwa kuti ndikuupereka kwa mdani wanga.

Kenako tsamba limodzi la m'munsi linasowa. Silinagwe, chifukwa ndinasesa paliponse osalipeza. Linachita kuthyoledwa bwinobwino patsinde.

Ndinafotokozera mphunzitsi mnzanga wa ku Ntcheu, amene anali atakhalitsa kumeneko. Mnzangayo sanadikire n'komwe kuti ndimalize. "Iwe, tsegula maso. Munthu angatenge tsamba la pakhomo pako n'kukachita nalo chiyani? Nanga madziwo ukudziwa chimene asakanizamo? Mwina eni nyumbayo akufuna kuikamo m'bale wawo." Ndine munthu wopemphera, ndipo zoterezi m'kalasi ndimazitsutsa ndi mawu okweza. Koma pochoka pamenepo mawu ake anali atandilowa.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha mayi eni nyumba aja chinandiipira. Akandipatsa moni wautali, ndinkati akundiyeza. Akatumiza kambale ka zitumbuwa, ndinkathokoza ndi manja awiri kenako n'kukapatsa nkhuku, n'kumaziyang'anitsitsa ngati zigwe. Nkhukuzo zinangonenepa. Iwonso ndinkawaona akudutsa pakhonde langa mokhotetsa njira, akuyang'ana mphika ndi diso la m'mbali, milomo ikugwedera. Ndinkati basi, ndi amenewa. Koma kuwafunsa ndinkaopa, poti umboni ndinalibe ndipo nyumba inali yawo.

Duwa lokha ndi limene linkalipira. Masamba a m'munsi anasanduka achikasu, ofewa, oonekera mkati ngati anyezi wophika. Ndinkalichotsa mumphika, kusintha mchenga, kuliumika pamthunzi, koma ndikapita kuntchito wina ankabwezeretsa zake. Zinandiwawa kwambiri. Ndinkaona ngati ndikudwazikanso achemwali kachiwiri, ndipo kachiwirinso ndikulephera.

Lachisanu lina tinaweruka msanga. M'malo modzera kugeti la kutsogolo, ndinalowera kakhomo ka kuseri n'kuima pambali pa bafa. Dzuwa linali paliwombo, kumzikiti akuitana. Mayi aja anali pampando wawo wa ndalema ndi kaketulo ka pulasitiki, akusamba m'manja, m'kamwa, kumaso ndi kumapazi monga amachitira asanaswali. Madziwo ankagwera m'kabeseni. Atatha ananyamula kabeseniko, n'kulunjika pazenera langa, n'kunong'ona mawu awo, n'kukhuthulira madzi onse pamtima penipeni pa duwa.

"Mayi!"

Anatembenuka osadzidzimuka n'komwe. "Mwaweruka, aphunzitsi?"

"Ndiye ndinu! Mukuthira chiyani pa duwa langa?"

"Madzi," anatero. "Amene inu mumalimana."

Ndinawauza kuti duwalo silifuna madzi, ndi mmene linabadwira. Anaika kabeseni pansi n'kugwira m'chiuno.

"Wallahi, aphunzitsi, ine ndakulira m'mbali mwa nyanja ino, sindinaonepo cholengedwa chokana madzi. Mwafika ndi chinthu chosadyedwa, chopanda maluwa, mwachifungata ngati khanda. Simuchithirira koma sichifota. M'mawa mumachilankhula, ndimakumvani. Inuyo mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? M'mpanda muno muli adzukulu anga."

Miyezi yonseyi ine ndikuwaopa, iwonso akundiopa ine.

"Nanga ngati munkachiopa, munkachithiriranji?"

"Ine ndine wa geni, sindiluza mbali zonse ziwiri," anayankha. "Ndinati ndizithira madzi otchulirapo dzina la Mulungu. Ngati ndi mankhwala, asuluke. Ngati ndi duwa chabe, ndiye ndamwetsa chaludzu, ndapata sawabu kwa Mulungu."

Tsiku lina ndikanaseka. Koma nditatsitsa mphika n'kugwira duwalo, mutu wake wonse unatsalira m'manja mwanga. Tsinde linali lakuda bii, lonunkha, masamba akungoyoyoka okha. Ndinakhala pansi pomwepo ndi diresi langa la kuntchito n'kuyamba kulira mokweza, mmene sindinalirire ngakhale pamaliro.

"Linali la achemwali anga," ndinatero. "Anamwalira. Ndi chokhachi chimene ndinatsala nacho."

Mayi aja anakhala pansi pambali panga, mapazi awo akadali onyowa.

"Mwanangu, bwanji simunanene?"

"Bwanji simunafunse?"

"Ndinafunsa tsiku loyamba lomwe. Munati ndi duwa chabe."

Zinali zoona. Tinasanthula masamba aja limodzi kufuna lamoyo, koma onse anali ataolera kutsinde. Mwadzidzidzi mayi aja anadzuka n'kupita kuseri kwa khitchini yawo. Ndinawaona akunyanyamphira, akupisa dzanja pamwamba pa khoma, kunsi kwa malata. Anabwera atafumbata kanthu, dzanja atalitalikitsa ndi thupi lawo.

Linali tsamba langa losowa lija. Linali litakwinyika, koma kumene linathyokera kunali timizu tofiirira ngati ulusi, ndi kaduwa kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana, timasamba take titazungulirana kale bwinobwino.

"Ndinalithyola kuti ndione ngati lifote," anatero. "Ndinati likafota ndiye kuti ndi chomera wamba. Silinafote, m'malo mwake labereka pakhoma popanda dothi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudzera kumeneko." Analiika m'manja mwanga mosamala, n'kupukuta dzanja lawo pachitenje. "Ili lokha sindinalithirirepo ngakhale dontho. Ndinkaliopa kwambiri."

Mchenga wobzalira anakanditapira okha kumtsinje madzulo ake. Nditamaliza kubzala anaimirira pamenepo ndi kaketulo kawo, akuyang'ana dothi louma lija, nkhope ikuoneka kuti mtima ukuwawawa.

"Ngakhale pang'ono pokha, aphunzitsi?"

"Ngakhale pang'ono, mayi."

Anapumira m'mwamba, n'kukathira madziwo pa mtengo wa papaya.