Gadiyani Wawo Sanali Ine

Anzanga, a Gerishon ndinakumana nawo pa Lisungwi chaka chomwe matipate anangoyamba kumene. Anthu othawa nkhondo a ku Mozambique anali kalikiliki kusamuka ku kampu ya Luwani kubwerera kwawo, ine ndili kamtsikana kogulitsa manachesi pakhonde la golosale ya a Gerishon.

Tsiku lina anatuluka m'golosalemo, imvi zili mbuu, malaya osita bwino.

"Iwe Modesta, khonde langali umalipira lendi?"

"Pano ndi demokalase bambo, aliyense ali ndi ufulu."

Anaseka mpaka misozi. Sipanatenge nthawi, anandifunsira, ine osavuta. Atsikana anzanga ankandinena kuti ndatola madala, koma madala akewo ankandikonda heavy. Lamulungu tinkapita kutchalitchi titakwezana panjinga, iwo akupalasa ngati mnyamata.

Mkazi wawo woyamba, a Mailesi, anasiyana nawo kalekale. Anatsala kwawo ku Chifunga, komwe a Gerishon anakhalako pachikamwini, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkulu dzina lake Gregory. Za mayiwo sitinkakamba m'nyumba mwanga.

Kenako kunabwera matenda. Bambo ankapitapita kukataya madzi, kukhalitsa konko, koma mkodzo ukungodontha. Madokotala ku Blantyre anati ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo pafunika opaleshoni.

Ndinayamba kulongedza mapoto ndi mkeka kuti ndikakhale gadiyani wawo kuchipatala.

"Iwe tsala uziyang'anira shopu," anatero. "Ndipita ndi Gregory."

Ndinamvera. Amene ananditsegula maso ndi Chrissy, mnzanga wogulitsa mbatatesi, yemwe anapita kukazonda m'bale wake kuchipatala komweko.

"Asisi, amuna anu ndawaona, opaleshoni yayenda bwino. Koma amene akuwamwetsa phala si Gregory ayi... ndi amake."

"Ukunama!"

"Ndinamirenji? Madzi saiwala khwawa, asisi."

Anzanga, nsanje ndi matenda. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinkayezera makasitomala shuga, m'maso mukungobwera dzanja la mayi uja lili pachipumi pa mwamuna wanga. Mayi woti ngakhale mafuta odzola anawaiwala kalekale, andipose ine?

Bambo atatulutsidwa m'chipatala sanafikire kwathu. Anangotumiza uthenga kuti ayamba akhala ku Chifunga, poti kotsukitsa bala kuli pafupi. Ngati kuti pa Lisungwi panalibe chipatala.

Ndinatseka shopu, n'kutenga njinga.

A Mailesi ndinawapeza kuseri kwa nyumba atawerama pabeseni. Pachingwe panali mathalauza a mwamuna wanga, bulangete, ndi tinsalu tambirimbiri tong'ambang'amba. Fungo la mkodzo linandilonjera sopo asanamveke.

"Mwafika, mayi? Khalani pansi mupume."

"Sindinabwere kudzapuma. Ndipatseni beseni, mwamunayo ndi wanga."

Anandiyang'ana opanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndiye zinandipsetsa mtima kwambiri.

"Mwana wanga, palibe chimene ndikukulandani. Chiwachotsereni kapaipi ka mkodzo, madzi sakuwagwira. Akangotsokomola, thalauza lanyowa. Za kuchipinda adokotala anati mwina zidzabwerera, mwina ayi. Inuyo akukuchitirani manyazi."

"Nanga inu?"

"Ine? Ine anasiya kalekale kundichitira manyazi."

Ndinawasiya pomwepo n'kulunjika pakhomo. Ndisanagwire chitseko ndinamva mawu kuchokera m'kati, ofooka koma awo enieni.

"Mailesi... usamulole alowe. Chonde, asandione chonchi."

Ndinaima ngati mlendo wosochera.

"Bambo, ndine Modesta, mkazi wanu. Ndabwera kudzakusamalirani."

"Pita kunyumba, Modesta. Ndikachira ndikupeza."

Pobwerera njinga ndinkangoikankha, mphamvu zopalasira ndinalibe. Ndikanawapeza atakumbatirana, bwenzi ndikudziwa chochita. Ndikanatukwana, mudzi wonse ukanamva. Koma nsanje ya beseni la mikodzo ungakaidandaule kwa yani?

Ndinayesa kukadandaula kwa ankhoswe anga. Anandiseka.

"Anzako amathawa ntchito imeneyo, iwe ukuilirira? Thokoza Mulungu pali wokuchapira."

Sanandimvetse. Ine sindinkalirira kuchapa. Chinkandiwawa n'choti mwamuna wanga pamene anafooka, pamene ankachita mantha, anaitana mkazi wina. Ine ndinali wa masiku abwino basi.

Mvula itatha a Gerishon anatulukira. Atanenepako, atameta bwino, akuyenda okha popanda wowagwira. Kunena zoona mtima wanga unadumpha, chifukwa ndinkawakondabe.

"Ndachira, Modesta. Madzi ndikuwagwira tsopano. Tiye tipitirize banja lathu."

"Ndathokoza Mulungu, bambo. Kodi adokotala anati matendawa atheratu?"

"Anati ndizipita kukapimitsa. Nthawi zina amabweranso."

"Akadzabweranso, mudzaitana ndani?"

Anayang'ana pansi. Ndinadikira. Ngakhale akanandinamiza ndikanalandira ndi manja awiri, koma tsiku limenelo ngakhale bodza silinatuluke.

M'mawa mwake ndinawapatsa makiyi awo n'kubwerera kwathu ku Magaleta. Anatuma ankhoswe kangapo, sindinabwerere. Ndinalira, osati pang'ono.

Anzanga, mwamuna akhoza kukusiyira shopu, nyumba ndi zonse zili m'menemo. Koma ngati sangalole kuti umuone atadzinyowetsa, dziwa kuti mkazi wake ndi wina.