Mbuzi ya Nyanga Imodzi Imene Ndinabwereketsa

Inu owerenga, ndivomere poyambirira penipeni: ndine amene ndinagwetsa kabungwe ka amayi amasiye kwathu ku Mkhumba, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuimba muluzu.

Ntchito yanga ndi yogula ndi kugulitsa mbuzi m'misika ya kuno ku Phalombe. Pa nkhani yonenerera mtengo, sindinkakhulupirira kuti pali munthu wondiposa. Kabungwe kameneka kankagawa mbuzi ziwiriziwiri kwa amayi amasiye, zikaswa nawonso n'kupatsira anzawo. Mlongo wanga Ayida ankayembekezera kulandira ulendo wotsatira, ndipo anali atamanga kale khola la m'mwamba monga analamulira a bungwe. Mitengo yake anasenza yekha pamutu.

Chaka china nthawi ya dzinja mbuzi zambiri zinafa ndi matenda. Mkulu wa bungwe, a Namputha, anamva kuti mayi Ester, amene ankabweretsa thandizo lochokera ku mpingo wina wakunja, akubwera kudzaona makola. Anandipeza pamsika ali thukuta kamukamu, n'kundipempha kuti ndiwabwereke mbuzi zanga tsiku limodzi lokha. Thandizo lina likabwera, iwo anatero, mbuzi zonse adzagula kwa ine. Tinagwirana chanza. Ine katswiri, kugulitsa katundu ndi chanza chokha!

Mlendo anafika, amayi anavina, makola anali odzaza. Panali mbuzi yanga ina yathadzi, yakuda, ya nyanga imodzi, yokonda kunyambita anthu. Inanyambita chikwama cha mayi Ester, iwo n'kuseka mpaka misozi, n'kujambulitsa nayo. Ndinamva kuti chithunzicho chinakapachikidwa kutchalitchi kwawo ndipo anthu anapereka mowolowa manja.

Thandizo litabwera, a Namputha anayamba kugula mbuzi kwa mlamu wawo, ndipo makola oyamba kudzazidwa anali aja ndinawakongoletsa ine. Nditawafunsa pamsika, anandiyankha mokweza, mavenda anzanga akumva:

"Achimwene, mbuzi zanu zinadya udzu wathu waulere tsiku lonse. Mukufunanso chenje?"

Msika wonse unafa nacho chikhakhali. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kunditsitsa mtengo ankangoti, "Tibwerekeni kaye, a Chenje." Inu owerenga, kuluza phindu ndinazolowera, koma kusekedwa pamsika wanga womwe sindikanakhululuka.

Ndinadikira. Mbuzi ya nyanga imodzi ija ndinakana kuigulitsa ngakhale kwa ophika kanyenya amene ankaisirira. Ndinkaidyetsa madeya ngati mwana wobadwa yekha. Nditamva kuti mayi Ester akubweranso, ndinaisambitsa, n'kukaimangirira pamtengo wa m'mphepete mwa msewu, pamene galimoto iliyonse imachepetsa liwiro chifukwa cha maenje.

Galimoto inaima. Mayi Ester anatsika akumwetulira, a Namputha akutsatira m'mbuyo. Mayi Ester anafunsa kuti bwanji mbuzi ya mayi wamasiye ili pamalonda.

"Wamasiye ndine, mayi," ndinatero. "Iyi ndi yanga chibadwire. Kwa bwanawa inangopita ku ganyu."

Ndinafotokoza zonse, pang'onopang'ono, ngati ndikuyamikira katundu. A Namputha ankangopukuta magalasi. Kunena zoona, sindinadyepo chinthu chokoma ngati nkhope yawo ya tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umazizira. Koma mayi Ester sanakalipe. Anangonena motsitsa kuti akanauzidwa za matenda aja, akanapempha mankhwala ndi mlangizi wa ziweto, poti mbuzi zimafa kulikonse. Chimene sakanatha ndi kukaimanso pamaso pa anthu akwawo ndi chithunzi chabodza. Anakwera galimoto osapitanso kukaona makola.

Thandizo linathera pompo. A Namputha anasamukira ku Blantyre, ndipo ndikumva kuti anapeza ntchito ku bungwe lina. Amene ndinamulasa ndi Ayida pamodzi ndi amayi anzake amene anali asanalandire. Khola lake lija munkangogona nkhuku za eni.

Patapita masabata ndinamukokera mbuzi ija kuti ndipepese. Anaiyang'ana mano, n'kuigwira mimba ngati wogula.

"Abungwe amapereka ziwiri, achimwene. Ndiye zikhale zitatu, poti inu mwachedwa. Ndipo zikaswa, ndipatsira anzanga amene munawaphera mwayi. Mukabwerenso ndi tonde."

Ine katswiri wonenerera, ndinakabweretsa zonse osachotsapo ngakhale imodzi.

Tsono inu amene mumayendetsa mabungwe, wokuthandizani muuzeni zoona, ngakhale zonunkha. Munthu wakufuna kwabwino amapirira kumva kuti mbuzi zafa, koma sapirira kupusitsidwa. Musabwereke za eni kuti mukometse maso a mlendo, ndipo amene mwagwirana naye chanza musamuchititse manyazi pagulu, chifukwa iyeyo ndi amene akudziwa pamene galimoto imachepetsa liwiro. Ndipo inu anzanga a mtima ngati wanga, musanabwezere, yambani mwayang'ana amene waima kumbuyo kwa mdani wanuyo. A Namputha sindinawakhululukire, ndipo tikadzakumana adzandimva. Koma iwo akudya bwino m'tauni, pamene ine Loweruka lililonse ndimasenza madeya kupita kwa mlongo wanga, kukadyetsa mbuzi zimene zinali zanga.