Chala cha Julius

Dickson Kaliati anabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi, pa esiteti ya fodya pomwe makolo ake anatula mitolo atathawa kwa Apwitikizi. Malo okhalawo ankalipira ndi thangata, kulimira mzungu miyezi ingapo pachaka. Pa esiteti yonseyo wodziwa kulemba anali iye yekha, ndipo sankabisa ayi: pensulo sinkachoka kukhutu ngakhale ali ndi khasu m'manja.

Mu 1947 anasonkhanitsa anzake kuti apange bungwe, alembere bwana DC kalata yokana thangata. Amuna makumi atatu anadinda zala. Julius, mnzake amene anavinidwa naye limodzi, anamugwira mkono.

"Achimwene, zala zokhazi zakwana. Mayina musalembe."

Dickson anaseka. Kalata yopanda mayina, mzungu wake uti angaipatse ulemu? Analemba dzina pambali pa chala chilichonse, mwaluso lake lonse. Lake lokha sanaikepo, poti amvekere mlembi sadinda.

Kalata ija inakathera m'manja mwa mwini esiteti. Akapitawo anayenda nayo khomo ndi khomo, kuwerenga mayina ndi kugwetsa madenga, mvula ili mkati. Julius ndi banja lake anakabisala kuthengo cha ku Fort Lister, chibayo chinamugwira, anamwalira osatha sabata. Denga la Dickson silinakhudzidwe n'komwe.

Bungwe linakula, iyenso anakula nalo. Pofika 1956 anali m'khonsolo ya boma, munthu wa jekete ndi njinga, woti akaimirira ngakhale azungu ankatchera khutu. Koma pepala lililonse limene ankasaina ankaonapo chala cha Julius, ndi chipsera chake cha chikwanje pakati. Zinkamudya mumtima, ndipo sanauzepo munthu aliyense.

Anavutika zaka ziwiri mpaka anapezera Belita, mkazi wa malemuyo, munda ku Chiringa. Chikalata cha mundawo anapita nacho yekha. Anapeza mayiyo akusenda nandolo pakhonde la abale ake.

"Alamu, malo apezeka. Mungodinda apa basi."

Belita anayang'ana kabokosi ka inki, kenako nkhope ya Dickson. Anapukuta manja pang'onopang'ono n'kuwabisa m'nsalu.

"A Kaliati, chala cha pakhomo pathu munatenga kale. Chija simunabweze."

Dickson anabwerera akukankha njinga, osaikwera. Chikalatacho anakhala nacho m'thumba la jekete mpaka chinathetheka m'mapindiro, malo a chala ali mbee.