Nambala Yoyamba Kukwera Lole

Amene anandichotsetsa ntchito ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, ndipo anangochita kundifunsa mafunso masiku atatu basi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa shedi ya kampani ina ya thonje ku Chipata. Sukulu ndinalekezera Giredi 9 nditamenya pulifekiti, ndiye ntchito iyi ndinkaigwira ndi manja awiri. Ndinkapakiza matumba a mbewu m'lole. Thumba lililonse linali ndi nambala ya gulu la alimi. Mlendo akanangoyamba ndi nambala yaing'ono n'kumakwera, koma msewu suyenda choncho. Nambala zoyamba ndi 4 zinali za ku Kasenengwa, kutali, ndiye zinkalowa poyamba, mkati mwenimweni. Zoyamba ndi 2, za ku Chiparamba, zinkakhala kukhomo chifukwa zimatsika msanga. Panalinso 217, gulu lomwe linasamuka koma nambala osasintha. Zonsezi zinali m'mutu mwangamu.

Msuweniyo anabwera kuchokera ku Lusaka ndi satifiketi ya kompyuta. Abwana anamuika mu ofesi, momwe munali makina a kompyuta atafunditsidwa nsalu ngati wodwala malungo. Pepala loyamba la kapakizidwe ka matumba limene anatulutsa linandandalika nambala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Dalaivala anabwerako atatupa ndi mkwiyo, atatsitsa lole yonse pamsewu kuti apeze matumba asanu.

M'mawa mwake anandipeza ku shedi, makadi a nambala ali m'manja.

"Asuweni a mphamvu zopanda sukulu, tabwerani kuno."

"Nenani, asuweni a sukulu yopanda nzeru."

Anaseka. Anakweza makadi awiri, ina ya 412, ina yoyamba ndi 2. "Iyi ndi iyi, iyambe kukwera ndi iti?"

"412."

"Chifukwa?"

"Ikupita kutali."

"Nanga zonse zikakhala za ku Kasenengwa?"

"Yaikulu iyambe."

Anati kompyuta sidziwa msewu. Imangotenga nambala ziwiriziwiri n'kufunsa kuti itsogole ndi iti, ndiye ukaipatsa lamulo loyankhira imasanja mulu wonse yokha. Kunena zoona zinandisangalatsa. Palibe anali atandifunsapo chifukwa cha chinthu chilichonse. Ndinkayankha mpaka kukhosi kuuma, iye akulemba.

Patatha mwezi pepala linkatuluka lolondola. Abwana anaitana tonse n'kuyamikira mnyamata wophunzira amene wakonza vuto la malole. Msuweniyo anangoweramitsa mutu ngati ali m'tchalitchi. Ndinadikira kuti atchule dzina langa. Kenako abwana anati popeza aliyense atha kupakiza poona pepala, aganyu akwanira, ine ntchito yatha. Ndinamenya chitseko cha shedi ndi chibakera, chala ichi mpaka lero sichipindika bwino.

Amayi anati ndisayambane ndi mwana wa achimwene awo. Ndinayamba kumata matayala a njinga pafupi ndi msika, tsiku lonse kununkha guluu. Mkwiyo umatopetsa. Pofika Novembala ndinalibenso mphamvu zomutukwana, ngakhale mumtima.

Mvula itayamba msuweni uja anabwera, nsapato zili matope okhaokha. Anaima pambali mpaka kasitomala atachoka.

"Asuweni, malole awiri atitimira. Madalaivala akuti pepala likuwafikitsa ku madambo masana, mvula itagwa kale."

Ndinapitiriza kupala chubu. Nthawi ya dzinja ndinkatembenuza dongosolo: magulu a tsidya la dambo ankakhala kukhomo kuti lole iwoloke m'mawa kusanaterere. Sindinamubisire. Anandifunsa mu Ogasiti, kuli fumbi, ndipo za mvula sanafunse.

"Abwana akuti mubwere mawa, tsiku limodzi lokha. Mundiuze magulu ake, ndikonze pulogalamu. Akulipirani ngati waganyu."

"Abwana akudziwa kuti mwabwera kwa ine chifukwa chiyani?"

Anayang'ana njinga. "Ndawauza kuti mumadziwako misewu."

Ndinaika chubu m'beseni la madzi, n'kuona thovu likutuluka pomwe ndinali nditamata kale. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzakuwa mpaka msika wonse udzamve, koma mawu anatuluka otsika.

"Asuweni, ganyu sindibwera. Mukawauze abwana, ine ndili pomwepo, kuti malamulo ali m'makina mwanuwo munawatenga pakamwa panga, ndipo andibwezere ntchito yanga. Mukalephera, kakankheni lole nokha."