Nsonga ya Kolala

Ku fakitale yathu ya malaya aliyense amawatchula kuti a Makolala. Ndi mlamu wanga, akazi a achimwene, ndipo makina anga ali kumbuyo kwa awo: iwo amasoka makolala, ine ndimaika mabatani. Ndakhala ndikuyang'ana msana wawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Amafika belu lisanalire, n'kuthira mafuta makina onse a mzere wawo, n'kutola singano zothyoka kuti wosesa asabayidwe. Kukabwera mtsikana watsopano, amamuphunzitsa pa nthawi ya chakudya, chawo chikuzizira. Zimenezi sizilembedwa paliponse. Kunyumba achimwene anafa ziwalo mbali imodzi, ndiye pofika kuntchito mlamu amakhala atawasambitsa kale, atawadyetsa, atawakhazika pafupi ndi zenera.

Eni kampani sitinawaonepo. Timangomva kuti ali ndi mafakitale m'mayiko asanu ndi awiri, ndipo ntchito amaisuntha ngati munthu wosuntha mpando kutsata mthunzi. Yathuyi inachokeranso kwina. Itangofika, anatumiza mayi wina wa kumeneko kudzaphunzitsa a Makolala. Sankamvana chinenero. Mayiyo ankangowagwira manja n'kuwaika poyenera, ndipo maso ake ankakhala ofiira tsiku lililonse. Ife tinkati ndi fumbi la nsalu. Pochoka anawasiyira kachitsulo kosalala, kofanana ndi chogwirira cha supuni, kokankhira nsonga ya kolala kuti ituluke yosongoka. Kuyambira pamenepo kamakhala m'thumba la epuloni yawo.

Mwezi watha kapitawo anabwera ndi mlendo, mayi wochepa thupi, wochokera ku fakitale yatsopano imene kampani yatsegula kudziko lina. Anati akhala pambali pa a Makolala masabata awiri, ndipo umenewu ndi ulemu waukulu, popeza makolala athu okha ndi amene sabwezedwa. Wodula nsalu, bambo amene pakamwa pake sipatera ntchentche, anati zikomo kwambiri, nkhuku nayo amayamba aisisita asanaidule khosi. Palibe amene anaseka. Kapitawo anayang'ana pansi.

Masana amenewo mlamu sanadye. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu: "Mlamu, m'maso mwa mayi uja silinali fumbi."

Anabisa kachitsulo kaja. Mlendo akamaonerera, ankatembenuza makolala ndi chala. Mlendo akangotuluka, ankakonza ndi kachitsulo msangamsanga. Nsonga za mlendoyo zinkatuluka zozungulira ngati makutu a khoswe. Ankamasula, kusokanso, kumasulanso. Tikamaweruka foni yake inkalira, ndipo ankayankha ataimirira njo, ngati woimbayo akumuona.

Ife tinayamba kuopa chilichonse. Galimoto yobweretsa nsalu sinabwere Lachiwiri. Amuna awiri anabwera ndi tepi n'kuyeza makina m'litali ndi m'lifupi, ngati oyeza maliro. Babu la pamwamba panga litapsa, palibe amene analisintha. Azimayi ankadutsa dala pa makina a mlamu n'kuwanong'oneza kuti asaonetse, ana athu adzadya chiyani, ngati kuti fakitale yonse ili m'thumba la epuloni.

Lachinayi la sabata yachiwiri mlendo anaonetsa mlamu chithunzi pa foni: bambo wokalamba pa njinga ya olumala, ana awiri ataima pambali. Kenako analoza kolala yake yokhota, n'kuloza kukhomo, kusonyeza kuti akabwerera chonchi akamuchotsa ntchito. Mlamu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

Pobwerera kunyumba anandifunsa ngati kampani ingaleke kusamuka chifukwa cha nsonga ya kolala. Ndinati sindikudziwa. Anati oyeza makina aja sanafunse za kachitsulo. Anatinso mayi wa maso ofiira uja akanatha kubwerera nako kwawo, ife sitikanadziwa n'komwe kuti kaliko. Titafika pa mphambano yopatukirana anaima.

"Koma ntchito ikapita, achimwene anu ndiwadyetsa chiyani?"

Ndinangowachotsa ulusi umene unakanirira paphewa.

Lachisanu anafika belu lisanalire, n'kuthira mafuta monga mwa masiku onse. Mlendo atakhala pansi, mlamu anatulutsa kachitsulo poyera, mzere wonse ukuona. Anamugwira manja n'kuwaika poyenera. Nsonga inatuluka yosongoka ngati ya mpeni. Makina anasiya kulira, amodziamodzi, mpaka tinamva fani ya kudenga.

"Mwatigulitsa, mayi," anatero wodula nsalu.

Mlamu sanatembenuke. Anapatsa mlendo kolala ina.

Mlendo ananyamuka Loweruka, kachitsulo kali m'chikwama chake. Lolemba tinapeza makina onse a makolala atamatidwa timapepala tachikasu ta manambala. Ndinavala magalasi n'kuwerenga kamodzi. Tsiku losindikizidwa pamenepo linali la mlendo asanafike n'komwe. Ndinaonetsa azimayi. Anaona, koma mpaka lero sawapatsa moni mlamu. Munthu wa mantha amafuna womuloza chala, ndipo eni kampani ali kutali.

Akuti mabokosi onyamulira makinawo afika kumapeto kwa mwezi. Za mabatani sananenepo kanthu. Mlamu amabwerabe belu lisanalire kudzathira mafuta, akuti makina asakamuvutitse mnzawo kumeneko. Achimwene sanawauzebe. Ine m'mawa uliwonse, ndisanakhale pansi, ndimapapasa makina anga kumbuyo ndi kunsi komwe, kufufuza kapepala.