Ankhoswe a Maungu a ku Nchema

Anthu a ku Nchema akamakamba za a Helena satchula kwaya imene anaimbamo zaka makumi awiri, kapena mbiya zokongola zimene ankaumba. Amatchula maungu. Mayiyu anali Mlomwe wamfupi, wosasunga mawu m'kamwa, wobadwa makolo ake atangofika kumene kuchokera ku Mozambiki. Kusukulu sanapondeko. Koma maso anali nawo, ndipo si aliyense woyenda ndi maso amene amaona.

Chaka cha 1949 mvula inadula chimanga chisanamasule, nkhokwe zonse n'kukhala pululu. Amuna awo, a Kalisto, anati akukafuna chakudya kwa abale awo, ndipo sanabwerenso. Anawasiya ndi mwana mmodzi, Albertina, wa zaka zisanu, amene pofika Okutobala sankathanso kuima yekha. Chimene a Helena anatsala nacho ndi nthanga za maungu zodzaza dzanja limodzi. Anazidzala m'dimba m'mbali mwa khwawa, n'kumathirira ndi madzi ofukula mumchenga.

Maungu anayanga bwino m'madimba onse a m'khwawamo, maluwa achikasu ali mbwee. Tsono kwathu kuno duwa la dzungu ndi ndiwo, timati chiluwe, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti lothyola ndi lija la phesi lopanda kanthu, osati lokhala ndi kamwana ka dzungu kunsi kwake. Chaka chimenecho, poti njala sidikira, amayi ankalawirira kukathyola maluwa onse opanda kamwana, osasiyako ndi limodzi lomwe. Koma timaungu tija tinkangofika ngati dzira la nkhuku, n'kuchita chikasu, n'kuthothoka. Ena anati ndi dzuwa. Ena, monga mwa masiku onse, anati madimba alodzedwa.

M'mawa wina a Helena anakhala pansi pakati pa maunguwo, mantha atawagwira, chifukwa mwana anali atakana ngakhale kulira. Ali chikhalire anazindikira kuti m'dimbamo muli zii. Njuchi kunalibe, popeza anthu anali atafula ming'oma ndi mphako zonse ndi moto. Anakumbukira mmene njuchi imatulukira m'duwa lopanda kamwana itadzola mungu, ufa wachikasu uja, n'kukalowa m'duwa la kamwana. Anathyola duwa lopanda kamwana, n'kulisenda mpaka kutsala kamtengo ka pakati kodzaza mungu, n'kukapaka pa kamutu konata m'kati mwa duwa linalo. Pa phesi lake anamangapo luzi kuti asaiwale.

A Esnart, a dimba loyandikana nalo, anaimirira manja ali m'chiuno.

"Iii, a Helena, njala yakukwerani kumutu? Mwana ali gone kunyumba, inu mukuseweretsa ndiwo!"

"Ndikukwatitsa, mayi," anayankha a Helena. "Ili ndi lalimuna, ili ndi lalikazi. Inu mukudya amuna onse, tsono mimba ichokera kuti?"

"Tamverani anthuni! Tapeza ankhoswe a maungu!"

Madimba onse anafa nacho chiseko. Kuseka n'kosavuta, ngakhale wanjala amatha. A Helena anangopitiriza kukwatitsa maluwa awo. Tsiku lililonse ankafika maluwa atangotsekuka, dzuwa lisanawatseke, n'kumayenda chogwada kuchokera pa duwa ili kupita pa linalo. Mwana ankamupatsa msuzi wa nkhwani wopanda mchere, kumunyengerera kuti ameze.

Patapita masiku anayi, timaungu ta luzi tinali tisanagwe. Itatha sabata tinali ngati nkhonya. A Esnart anabwera mwakachetechete, kuseka konse kutathera m'khosi, n'kunena kuti, "Mayi, tandionetsani pomwe mumapakapo." A Helena anawaonetsa, koma anayamba awafunsa kaye ngati misala ija ndi yopatsirana. Pofika Disembala amayi a madimba onse a khwawa lija ankayenda chogwada m'mawa, ndipo panalibenso wonena za ufiti.

Dzungu loyamba analithyola lisanakhwime, lili ngati mutu wa khanda, chifukwa mwana sakanadikira. Analiphika, n'kulipota, n'kumudyetsa ndi chala pang'onopang'ono. Mawa lake anadya lina. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi, a Helena akubwera kudimba dengu lili pamutu, anaona munthu ataima pakhomo, atagwira nsanamira, timiyendo tikunjenjemera.

"Amayi, mwachedwa," anatero Albertina. "Ine njala."

A Helena anatula dengu n'kuyimba nthungululu mpaka mudzi wonse unatuluka.