Masamba a Pamsewu wa ku Matawale

Anandiitana Lachisanu m'mawa, ndili pakhonde kupukuta majombo. Wobweretsa uthengawo anali mnzanga amene tinalowa naye limodzi ntchito yaupolisi. Sanandiyang'ane kumaso. "Akukufunani ku ofesi. Akuti mfuti musatenge."

Ndinali m'gulu lothana ndi zipolowe. Sabata imeneyo Zomba inali itawira. Ophunzira, mavenda, ngakhale anthu a mataye, onse anali pamsewu kudandaula za kukwera mitengo kwa zinthu. Lachitatu masana tinkathamangitsa anyamata ena amene anathawira ku Matawale. Titakhota pakamsewu kena, tinapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Patsogolo pake abambo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'nyumba munkamveka amayi akuimba nyimbo za tchalitchi.

Ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la masamba otere. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ine ndinakulira ku Chikamveka, ndipo ndinayalapo masamba ndi manja angawa pa maliro a bambo anga.

Mkulu wathu anakuwa: "Atseka msewu! Abisala mwa anthuwo. Iwe, ponya!"

Ndinaponya. Palibe amene anandigwira dzanja, ndipo sindinene kuti sindinaone bwino. Chitini choyamba cha utsi wokhetsa misozi chinagwa pabwalo, chachiwiri chinalowera pazenera la nyumba ya siwa. Anthu anabalalika akutsokomola. Amene sanatuluke anali amayi ake a malemuyo, poti mtembo susiyidwa wokha. Anali ndi mphumu. Lachinayi tinamva kuti pakhomo paja maliro akhala awiri.

Ku ofesi ndinapeza pepala atalitayipa kale. Linkanena kuti pamalopo panali miyala ndi matayala oyaka, ndipo kuti anthuwo ndiwo anayamba kutigenda.

"Ungosaina apa," anatero bwana.

"Bwana, panali masamba a maliro."

"Masamba, matayala, zikusiyana pati? Zonse zimatseka msewu."

Ndinakana. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Ndinali ndisanadye chiyambire Lachitatu, ndipo ndinkaganiza kuti ndikakana, mwina chakudya chiyambanso kutsika.

Anandilanda lamba ndi zingwe za majombo. Sajeni wa pakhomo la chitokosi, munthu amene ndinkamwa naye tiyi, anatsegula loko uku akuseka. "Lowani, akulu. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula."

Mkatimo munali anthu omwe aja tinawagwira pa zionetsero, ena zilonda za ndodo zathu zisanaume. Ndinkayembekezera kuti andimalize. Koma mbiri imathamanga, anali atamva kale kuti wapolisi wina wakana kusaina bodza. Mphunzitsi wina wachikulire anasuntha nkundipatsa malo kutali ndi ndowa. "Khalani apa, achimwene. Mwatilemekeza." Palibe anafunsa amene anaponya utsi uja, inenso sindinadzipereke.

M'mawa uliwonse ankanditenga kukandionetsa pepala lija. Tsiku lachitatu anandifunsa ndi manja, ndipo kuyambira pamenepo khutu langa lakumanzere silimva bwino. Zimenezo sindidandaula nazo. Kunena zoona, makofiwo ankandipepuza mtima, ngati kuti ndikulipira pang'ono.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi analola mkazi wanga kundiona. Anaima patali, chitenje atachikoka mpaka pakamwa. "Bambo a ana, atiuza kuti tituluke m'nyumba ya boma ya kulaini ya apolisi pofika Lolemba. Ndilowera kuti ndi ana atatu?"

Ndinasaina tsiku lachisanu ndi chitatu, cha m'ma naini koloko. Bwana anapinda pepalalo, nati, "Waona? Sizinapweteke." Sanandibwezerenso m'chitokosi, choncho mphunzitsi uja sindinatsanzikane naye. Ndinayamika Mulungu chifukwa cha zimenezo, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Kunja dzuwa linali phwee, phiri lili pomwe ndinalisiya. Anthu amati ufulu ndi kutuluka pachipata. Ine ndinatuluka, nyumba sanatilande, ana sanagone panja. Koma nkhani ya amayi aja inathera papepala langalo, popeza mwa ife apolisi eni ake, amene akanachitira umboni zoona ndinali ine ndekha.

Patapita milungu itatu, kunyumba kunabwera bambo wina wovala jekete yakuda, atapanira nkhuku m'khwapa. Anati ndi mwana woyamba wa amayi aja, mkulu wake wa malemu woyambayo.

"Tinamva zoti inu munakana kunama, mpaka anakutsekerani," anatero. "Amene anaponya sitikumudziwa, poti nonse munali m'zipewa zophimba nkhope. Tamusiya m'manja mwa Mulungu. Koma inuyo, abambo, tati tisangokhala chete."

Zoti ndinadzasaina sankazidziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Mkazi wanga anandiyang'ana ali pakhomo la khitchini. Ndinalandira nkhukuyo ndi manja awiri, ndipo ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Ntchito ija ndinaisiya kalekale, ana anakula, ndipo palibenso amene angandilande kanthu ndikanena. Bambo aja akadali moyo. Timakumana mumsika, ndipo amayamba ndi iwo kupereka moni. Akakhala ndi mnzawo amamukoka dzanja kuti adzandione. "Awa ndi aja ndinkakuuzani aja, munthu wachilungamo."

Ndipo ine ndimatambasula dzanja.